Ngalande ya Zeliya

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma m'siwa muja, miyendo nditatambasula pakati pa amayi a mpingo. Nyimbo zinali zitazilala. Kandulo imodzi inkayakabe kumutu kwa bokosi, ndipo m'bokosimo munagona mng'ono wanga Zeliya, wopondana nane, amene anatisiya atadwala miyezi inayi.

Ndikanakonda kulemba kuti choyamba kubwera m'mutu mwanga m'mawa umenewo inali nkhope yake. Ayi ndithu. Ndinaganiza za khoma lomwe ndinatsamiralo. Linali louma, losalala, lopanda mng'alu ngakhale umodzi. Ndinalisisita ndi chikhatho mumdima muja, ndipo mtima unandiwawa monga unkawawira mwini wake ali moyo. Ndinkaichitira nsanje nyumba imeneyi, ndipo imfa sinachotsepo kanthu.

Nkhondo itatha tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi, n'kumanga moyandikana kumunsi kwa Furancungo, m'mbali mwa mtsinje, poti madzi anali pafupi ndipo dimba linali pakhomo pomwepo. Malemu amuna anga sankadziwa zachidule. Anatuta miyala miyezi iwiri, anakweza maziko kufika m'mawondo, anaotcha njerwa. Alamu anga a Tomasi, amuna a Zeliya, anangoumba zidina n'kuzisanja pa dothi, madzulo ali pa bawo. Zaka zitatu zapitazo mtsinje unasefukira. Nyumba ya Zeliya inasungunuka yonse. Yanga inaima, koma inang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi. A boma atabwera ndi makope awo ankalemba okhawo amene nyumba zawo zagwa. Wolembayo anayang'ana yanga n'kunena kuti, “Yanu ilipo, mama.” Nkhani inathera pomwepo. Khama la amuna anga linandimanitsa nyumba, ulesi wa alamu anga unawapezetsa.

Olembedwawo anawasamutsira pamtunda, ku bairo yatsopano, mudzi womangidwa ndi boma. Kumeneko malo anayeza ndi chingwe, misewu yowongoka, mpopi pamphambano, nyumba za mabuloko zipinda ziwiri ndi pabalaza, malata omangirira ndi waya kuti mphepo isasasule. M'mbali mwa msewu uliwonse anamangamo ngalande ya miyala ndi simenti. Nyumba ya Zeliya inali yomalizira kumunsi, pamene madzi onse ochokera kumtunda amakhotera kulowera kudambo. Tekiniko, mmisiri wa boma, anamuuza kuti ngalande imeneyo ikatsekeka, madzi alibe kwina kopita koma pakhomo pake. Iye anawagwira mawuwo ngati a m'tchalitchi. M'mawa uliwonse ankatsikamo ndi tsache, kutola mapulasitiki ndi zitsononkho. Ine ndinkamuseka kuti anzake akusesa m'nyumba, iye akusesera achule njira. Mvula ikakula ankatumiza mawu kuti ndidzagone kwawo. Sindinapiteko ngakhale kamodzi. Sindikanagona pa chifundo cha mwana amene ndinkamubereka kumsana.

Nditatuluka panja kunkayera pang'ono. Kunkazizira. Adzukulu anali atanyamuka kale ndi makasu awo. Amuna ena ankawodzera pa moto, makolala a majekete atawaimika. Malo a m'bairo ndi ochepa, sali ngati kumudzi kumene maliro amatambasuka mpaka m'munda, choncho anthu anali atasefukira mumsewu.

Panali patatha masabata awiri mvula isanagwe, ndipo ngalande inali gwa, youma. Amayi ochokera ku Chidzolomondo, kwawo kwa a Tomasi, ataiona anasangalala. Anasonkha moto m'kati mwake, migolo yodula pakati n'kuikhazika pa makoma ake awiri. Mphepo sinkafikamo, moto unkayaka bwino. Wina ndinamumva akuti boma la kuno limamangira anthu ndi mafuwa omwe. Nyemba zinali zitayamba kale kuwira. Phulusa, makungwa a nkhuni ndi masamba a kabichi zonse zinkagwera momwemo.

Pakhomo penipeni panali kamlatho ka simenti kodutsa munthu mmodzi. Amuna a kumudziwo anakayeza ndi maso n'kuona kuti anthu asanu ndi mmodzi onyamula bokosi sangadutsepo, ndipo maliro sadumphitsa dzenje. Anatenga makasu n'kukwirira ngalandeyo mbali zonse ziwiri za kamlathoko, miyala pansi, mapesi, dothi pamwamba, n'kupondaponda mpaka panasalala. Anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, pofuna kulemekeza malemu. Kwawo kulibe ngalande zotere. Ine ndinaima pakhonde ndi ketulo m'manja, ndikuona zonse.

Mayi woyandikana nyumba ndi Zeliya anabwera n'kugwada pambali panga. Iye sakanatha kudzudzula alendo pa maliro a eni ake, ndiye anabwera kwa ine.

“Amayi, aakulu pano ndinu,” ananong'ona. “Bokosi likangodutsa muwauze afukule. Taonani kuphiri uko.”

Ndinayang'ana. Mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda kunsi.

“Ndamva,” ndinatero.

Sindinawauze. Ndisanamizire chisoni kapena kuchuluka kwa zochita, chifukwa sindinaiwale. Ndinafuna kuti tsiku limodzi lokha anthu aone madzi m'nyumba imeneyi, aleke kuitchula ngati kumwamba.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika ambiri. Shapa, minibasi ya kuno, inatsitsa abale a kuchimuna kwa mayi athu ochokera ku Tsangano, fumbi lili mpaka m'nsidze, atanyamula thumba la mbatatesi. Njinga zamoto zinkabwera zitakweza atatuatatu. Oyenda pansi ankafika ndi mitolo ya nkhuni ndi mabeseni a ufa pamutu. Mayi aliyense ankayamba kulira akafika pa masamba oyalidwa pamsewu, n'kulowa m'siwa, n'kukhalamo pang'ono. Koma akatuluka, misozi isanaume n'komwe, maso ankapita kudenga. Ena ankagogoda khoma ndi chala. Bambo wina anayeza pabalaza ndi mapazi poganiza kuti palibe akumuona. Wina ankafunsa anzake kuti munthu amalembetsa bwanji kuti apeze yotere. Ndinamva kangapo mawu akuti, “Koma anali ndi mwayi mayi ameneyu.” Palibe anandifunsa za mng'alu wa kwanga, umene ndinkautseka ndi masaka.

Mwambo unayamba dzuwa lili pamutu. Kunatentha modabwitsa, mphepo kunalibe, makanda ankalira pamsana. Akatekisita anapemphera, kwaya inaimba. Kenaka sekeretaliyo, mlembi wa bairo, anawerenga mawu ake papepala. Anati malemuwa anali chitsanzo, ngalande yawo inali yoyera kuposa zonse, alendo akabwera kudzaona bairo ankayamba kuwaonetsa pamenepa. Ankalankhula ataima pa dothi lokwirira lija, maso ali papepala. Mayi woyandikana uja anandiyang'ana ali m'gulu la anthu. Ine ndinakonza duku langa.

Poona nkhope ndiye ndinasweka. Anali atachepa Zeliya, ngati kamtsikana. Pachipumi pankaonekabe chipsera chimene anachipeza nditamugwetsa pa mwala tili ana, tsiku limene anauza mayi kuti wagwa yekha kuti ndisakwapulidwe. Ndinalira kulira kwenikweni, mpaka amayi awiri anandigwira m'khwapa. Ndinkamukonda mng'ono wanga. Ndikunena izi chifukwa n'zoona, monganso zinazo zili zoona.

Bokosi linatuluka, linadutsa bwinobwino pa dothi paja popanda wopunthwa. Amuna amene anakwirira aja anali pafupi nane, makasu awo atatsamiritsa kumpanda. Mawu anayi okha akanakwanira. Ndinacheuka kamodzi, n'kutsatira bokosi.

Manda a bairo anawaika kutali, kuseri kwa chitunda, kuti asayandikane ndi zitsime. Tinayenda mwakachetechete, kwaya patsogolo, amuna akulandizana bokosi. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankaimirira, okwera njinga ankatsika. Tili pakati pa ulendo mphepo inayamba, yozizira, yonunkhira dothi. Nsalu za amayi zinkakupiza. Akuluakulu anauza onyamula kuti akwezeko mwendo.

Madontho oyamba anagwa pa bokosi akulitsitsa. Tisanamalize pemphero inakhuthuka yonse, mvula ya masabata awiri kugwa nthawi imodzi. Anthu anathawira pansi pa mitengo, ena anafunda nsalu imodzi anayi. Adzukulu ankakwirira mothamanga, dothi likumata makasu. Atandipatsa dothi loti ndiponye m'manda linali thope, linakana kuchoka m'manja. Ndinaima pamenepo madzi akutsika m'khosi, ndipo m'malo momvera nyimbo yotsanzika ndinkawerengera mumtima misewu ya kumtunda imene madzi ake ankathamangira pakhomo pa Zeliya. Mantha anandigwira. Koma kunali kutali, ndipo nthawi inali itapita.

Pobwerera tinapeza ngalande zonse za m'bairo zikuyenda bwino, madzi ofiira akuthamanga m'njira yake, mabwalo a anthu ali bwinobwino. Kumunsi kokha ndiye kunali zina. Madzi atafika pa dothi lija anakwera, anakhota, analowa pakhomo la kumaso n'kutulukira la kuseri. Ophika anapulumutsa migolo ya chakudya n'kuikweza pakhonde la nyumba ina. Mayi woyandikana uja sanapite nawo kumanda. Tinamupeza ali m'ngalande, madzi m'mawondo, akugumula dothi ndi khasu yekhayekha. Anali atatsegula, koma mochedwa. Anatuluka, anandiyang'ana, n'kupita kwawo. Bola akanandilalatira.

M'nyumba thope linali lofika m'akakolo, losakanikirana ndi phulusa ndi masamba a kabichi. Mphasa zimene tinagonapo zinali zitakwiririka. Matumba awiri a chimanga ananyowa kunsi. Pakhoma ponse panali mzere wofiira wosonyeza pamene madzi anafika. Anthu ankasuzumira pakhomo n'kumagwedeza mitu. Bambo woyeza ndi mapazi uja ndinamumva akuti, “Nyumba za boma ndi choncho, kukongola kunja kokha.” Amenewo ndiwo mawu amene ndinawadikira zaka zitatu. Ndinadikira kuti mtima ukondwe, koma sunakondwe.

Anthu anasamba m'manja, anadya choimirira, ndipo akutali ananyamuka msanga poopa kuti misewu iterera. Achibale oyenera kugona pamaliro anawagawa m'nyumba za oyandikana, poti pansi panalibe poyala mphasa. Dzuwa likulowa a Tomasi anandiitanira kuchipinda. Anali atakalamba m'tsiku limodzi lokha. Anakwera pa mpando, anapisa dzanja pamwamba pa khoma pansi pa malata, n'kutsitsa pepala lokulunga m'pulasitiki. Linali louma.

“Alamu, ine tikameta ndibwerera kwathu ku Chidzolomondo,” anatero. “Ndinabwera kudzakwata, ndilibe changa kuno. Ana ali ku Tete, ananena kale kuti sadzakhala kuno. Mng'ono wanu anapita yekha ku boma mvula isanayambe, miyendo itatupa kale. Anakalembetsa dzina lanu pa nyumba ino.”

Ndinayang'ana pepala lija m'manja mwawo.

“Anati musadzaonenso dzinja lina kumtsinje kuja, khoma lija lidzakugwerani. Anandiletsa kukuuzani iye ali moyo. Anati mukana, amakudziwani.” Anapukuta m'maso ndi chipewa. “Anangopempha chimodzi, kuti ngalande muziisesa. Pepani kuti mukuilandira ili chonchi. Abale angawa sadziwa za kuno, alakwitsa ndi iwo.”

Ndikanatha kuwauza pomwepo. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi “Zikomo, alamu.” Anandipatsa pepalalo ndi manja awiri n'kutuluka kupita kumene kunali amuna anzawo.

Ndinatsala ndekha. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa, koma ndisabise, pansi pa manyaziwo panali chakale chija. Nyumba anapeza ndi iye, anthu anatamanda iye, ndipo tsopano wopatsa analinso iye, ine wolandira. Ngakhale atagona kuseri kwa chitunda anandiposabe, ndipo panalibenso pomuyankhira.

M'nyumba munali zii. Mvula inali italeka, madzi okha ankamveka akuyenda m'ngalande panja. Kuseri kwa chitseko ndinapeza tsache lake lija, lalifupi, lotha mbali imodzi. Ndinayamba kukankha thope kuchokera kuchipinda kupita pakhomo, ndipo pomwe ndinkamaliza pabalaza kunali kutayamba kuda. Kenaka ndinatenga chiguduli ndi madzi, ndinagwada pa khoma lomwe ndinalisisita m'mawa lija, n'kuyamba kupukuta mzere wofiira uja. Ndinapukuta mpaka mkono unatopa. Dothi linali litalowerera m'simenti, ndipo khomalo tsopano linali langa.