Mbewu ya chinangwa imene ndinakwirira

Pa tebulo la aphunzitsi athu panali mpira wa dziko lapansi, wong'aluka mbali imodzi, womatidwa ndi pulasitala ya kuchipatala. Ndimaukumbukira kuposa nkhope yawo. Tsiku lina m'chilimwe, malata akuthetheka ndi dzuwa, anavula jekete lawo lakuda n'kuuphimba nalo mpirawo. Anati mayiko aakulu ali ndi mabomba oti akadzaponyerana, utsi udzatseka dzuwa kwa zaka. Mbewu zidzafa, kenako nsomba, kenako ife. "Mwina sipadzatsala ndi woika mnzake m'manda," anatero. Sindiwaimba mlandu. Anali achinyamata, okonda wailesi, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso anali ndi mantha.

Ndinali ndi zaka khumi. Nyengo yonseyo ndinkati ndikadzuka, n'kuthamangira panja kukaona ngati dzuwa latuluka. Nkhungu, tizilombo touluka timene timadya ngati ndiwo, zikanyamuka pakati pa nyanja, zakuda ngati utsi wa moto wolusa, anzanga ankakuwa ndi chimwemwe n'kuthamangira malichero ozikolera. Ine ndinkathawira m'nyumba, kuyesa kuti utsi uja wafika.

Nkhani ya Nowa ndinkaidziwa kuchokera ku tchalitchi kwathu ku Bandawe, choncho ndinaganiza kuti ena adzatsala ndithu. Ndinafunsa amalume, amene kwathu timati asibweni, kuti otsalawo adzadya chiyani. Sanadzutse n'komwe mutu pa ukonde umene ankasoka. "Ukadzatsala iweyo, udzadya mafunso akowo, a profesa."

Bambo anali atamwalira kale. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinkadalira munda umodzi wa chinangwa wa amayi, chowawa chija, chotulutsa kondowole woyera, mbewu imene anaitenga kwa amayi awo. Akakumba, ankamanga mitengo yake m'mitolo n'kuiimika pamthunzi wa mango kudikira mvula. Chaka chimenecho inalipo mitolo inayi, ndipo ndiyo inali mbewu yathu yonse.

Tsiku lina amayi atapita kukavuula chinangwa kudambo, ndinatenga chikwanje n'kuiduladula mitengoyo. Ndinaithira m'matumba a feteleza amene amalume anabwera nawo ku Limphasa, okhala ndi pulasitiki mkati, ndipo ndinamanga pakamwa zolimba kuti utsi usadzalowe. Ndinakumba dzenje kuseri kwa chulu n'kukwirira. Amayi anayesa kuti ndi akuba. Sanatchule dzina la munthu. Ine ndinakhala chete masabata asanu, ndipo ndikuvomereza kuti popemphera ndinkadzimva ngati wolungama.

Mvula itagwa, dothi likununkhira, ndinawapeza amayi atakhala pamzere ndi khasu pamiyendo, alibe chobzala. Pamenepo ndinaulula. Tinakafukula limodzi. Fungo limene linatuluka m'thumba loyamba ndimalimvabe: mitengo itada, yoterera, nkhungu yoyera itayanga ngati thonje. Sanandimenye. Anapukuta manja pachitenje nati, "Mwana wangu, chinangwa si chimanga. Sichigona m'thumba. Moyo wake ndi m'munda basi."

M'mawa mwake anandipotera nkhata, tinayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha mitengo ya chinangwa mpaka kufupi ndi Chintheche. Ine kumbuyo, maso pansi. Mayi wina anatikaniza, nati sasamala ana opusa a eni. Koma ambiri ankangolowa m'munda ndi chikwanje. Wina anaseka: "Mukupemphanso chiyani, ama? Si yanu yomwe ija munandipatsa nditangokwatiwa?" Wina anati anaitenga kwa uyo amene anaitenga kwa amayi. Tinabzala mochedwa, theka la munda. Chaka chotsatira tinadya kamodzi patsiku kwa miyezi, ndipo mlongo wanga anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Anachira, koma mpaka lero ndikamuona ndimakumbukira dzenje lija.

Tsopano ndakula, akazi anga ndinawaika m'manda, ndipo adzukulu amandionetsa pafoni anthu ophunzira akunena zomwe zija: nkhondo, miliri, kutha kwa mtundu wa anthu. Amati kwina olemera akukumba nyumba pansi pa nthaka, akusunga zakudya m'zitini. Sindiwaseka, inenso ndinakumbapo. Za tsikulo ndimasiyira Mulungu. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti minda ina imene tinapemphamo pano ndi malo ogona alendo, ndipo mitengo ya chinangwa ndimaiona ikugulitsidwa pamsewu. Litati latsekekadi dzuwa, otsalawo adzagogoda pa khomo la yani?

Koma tsiku lopempha mbewu lija sindinkaganiza zimenezi. Mtolo unkandikanda m'khosi, manyazi akunditentha makutu. Chaka chilichonse ndinkadandaula amayi akamagawa mitengo yathu kwa aliyense wodutsa, ndikuti akumwaza chuma. Ndipo pobwerera kunyumba ndinkangocheuka, osamvetsa kuti mbewu imene ndinaipha ndi manja anga ikupezeka bwanji itaima, yobiriwira, m'minda ya anthu ena.