Galimoto ya Malume Itayamba Kuzizira

Mswachi uja unali wofiira, wakuthaitha. Malume ankauviika m'kachitini ka madzi a sopo n'kumapaka pa mapaipi a galimoto yawo yakale, pabwalo la nyumba yathu ya lendi ku Kawale. Pomwe pafufuma thovu, ndiye kuti gasi akuthawira pamenepo.

Unali mwezi wa Okutobala, ine ndili Sitandade 4. Malata ankachita kulira ndi dzuwa. Amayi anali chigonere m'nyumba, akutsokomola, ndipo anzanga anali atasiya kubwera kudzasewera, kwawo anawaletsa. Ndiye ndikaweruka ndinkangokhala pa njerwa, maso pa malume.

Ankakonza eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto. Inafa kalekale, ndipo gasi wa mtundu wake anali atasiya kupezeka. Poyamba anangothira watsopano, oyilo ali wakale yemweyo. Inazizira m'mawa wokha, pofika masana m'kati munali ng'anjo. "Izi sizigwirizana," anatero, n'kumasula zonse, kutsuka mapaipi, kusintha oyilo, kuchotsa timphira takuda n'kuikamo tobiriwira.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangotsegula mawindo ngati m'minibasi. "Fumbi, iwe. Amayi ako sangafike nalo ku Ntcheu."

Lero ndili ndi mwana wanga kumsana, ndipo akangotsokomola kamodzi ine mtima uli m'mwamba, ndamutsitsa kale, khutu lili pachifuwa pake, sindifuna munthu andilankhule. Koma nthawi imeneyo ndinkangofuna galimoto izizire basi. Mpaka ku Sande sukulu ndinkapempherera zomwezo. Ndinkati kumudzi kuli mankhwala amene kuchipatala alibe.

Malume okha ndiwo sankafulumira. Ndinkawaona akupaka sopo pomwe apakapo kale, popanda thovu ndi limodzi lomwe.

"Achimwene, galimoto ija bwanji?" amayi ankafunsa ali m'nyumba.

"Patsala pang'ono, chemwali."

Loweruka lina galimoto inazizira, osatenthanso. Ndinagunditsa nkhope pa timabowo totulukira mphepo mpaka mano kuwawa, n'kuthamangira m'nyumba ndikuomba m'manja. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Wachita bwino kundiuza." Nditatuluka ndinapeza malume akadali m'galimoto, chipumi chili pa chiwongolero, injini ikulira.

Kutacha kunabwera azimayi a kutchalitchi, akuimba motsitsa mawu. Anawagoneka amayi kumpando wakumbuyo n'kutseka mawindo onse. Mapoto athu ndi mbale anagawira anthu a papoloti. Ine anandisiya kwa aphunzitsi anga, akuti ndimalize teremu.

Ndinaima pa ngalande galimoto ikukhota, nditatupa ndi mkwiyo, poti ine amene ndinaidikira mwezi wonse sindinakwere nawo. Chondipweteka chinali chokhacho. Sindinkadziwa kuti kuno kutauni, kuchipatala akanena kuti ayesetsa, munthu amamutengera kwawo akadapuma.