Mikwamba ya Mlamu Wanga

Chinali chaka cha 2014, ndili ndi zaka 59. Ntchito yanga inali yotsika pansi pa nyanja. Ukonde ukakodwa m'miyala, nangula akakanirira, asodzi a ku Mwaya ankatuma munthu kwathu. Sukulu ndinalekezera sitandade 6, koma pansi pa nyanjayi palibe mphunzitsi akanandiuza kanthu.

Lamulo langa linali limodzi: mikwamba khumi basi. Ndinkamanga mwala kuchingwe, kuuponya mpaka ugunde pansi, kenako kukoka ndikuyeza chingwecho ndi manja otambasula. Chikapyola khumi, ndinkabwerera kunyumba, mwini ukonde alire, asalire.

Tsiku lina m'mawa injini ya boti ya mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, inamasuka n'kugwera m'madzi kuseri kwa doko. Iye ndi wamtali ngati mlongoti. Ine ndine wamfupi.

"Alamu, ndayeza kale ndekha," anatero. "Khumi ndendende."

"Bweretsani chingwe ndiyeze."

Onyamula katundu padoko anamva. Mmodzi anakuwa akundiloza: "Ada akalamba! Ayamba kuyeza kawiri ngati mayi wogula chitenje!"

Anaseka onse. Chingwe sindinachigwirenso. Ndinavula malaya n'kukwera bwato. Titafika pamalopo, ndinalowa m'madzi ndi nsonga ya chingwe chokokera, mlamu atagwira inayo.

Thupi langa limadziwa khumi. Kuwala kumachepa, madzi amazizira, chifuwa chimafinyika. Ndinafika pamenepo, phazi linafuna pansi, pansi panalibe. Injini ndinkaiona, yoyera, itagona cham'mbali pamwala, patali ndithu kunsi kwanga. Ndinayenera kubwerera. Ndinakumbukira chitenje chija, ndinapitirira.

Ndinaigwira. Ndinamanga mfundo imodzi. Ndili pa yachiwiri, khutu lakumanzere linaphulika, thwa! ngati nkhuni youma. Madzi ozizira analowa m'mutu. Kumwamba ndi pansi zinasokonekera. Chinanditulutsa ndi chingwe, dzanja pambuyo pa dzanja, magazi ali chuchuchu m'mphuno.

Anakoka injiniyo. Ili pakati, mfundo yanga imodzi ija inamasuka. Inagubuduka pamtsetse kupita kumene sikufika munthu.

M'mawa mwake ndinapita kwa mlamu, ndinatenga chingwe chake choyezera chija osapereka moni, ndinayeza pabwalo pake pomwepo. Khumi ndi iwiri, ndi kachidutswa. Ndinabwerezanso. Chimodzimodzi.

"Sindinaname, alamu," anatero.

Sananame. Anayeza ndi manja ake, ine ndinatsika ndi chifuwa changa. Zaka zonsezo ndinkadya naye mbale imodzi, ndinkaona mmene mkono wake umafikira ndiwo asanaweramire. Ndinkadziwa.

Kuyambira pamenepo sindikhazikika. M'khutumo mumawomba mwera usana wonse. Ndikakhala pakhonde, ndimadzuka. Ndimatsetserekera kumsika, kuchoka apo kudoko, kubwereranso kumsika. Ndikapeza zingwe pa benchi, manja amatambasuka okha. Wogulitsa wina anandizolowera.

"Ada, mugula kapena mukuphunzira kuuluka?"

Ndimamutembenuzira khutu lakufalo.

Mkazi wanga amati ndipite kwa mlongo wake, nkhani inatha kalekale. Ndilibe naye mlandu. Koma sindingakhale moyang'anana ndi manja amenewo.

Zimene zinatayika tsiku limenelo ndi izi: injini imodzi, chingwe chokokera cha mikwamba makumi awiri chimene chinamira pambuyo pake pamene mlamu anachitaya m'manja pondigwira ndikugwa, khutu limodzi, ntchito ya zaka makumi anayi, ndi nyumba imodzi ku Mwaya imene sindinalowemonso.