Basil, Wojambula Nkhope ndi Dzanja Lamanzere

Lachisanu lina m'mawa, Basil anaimirira kutsidya kwa msewu pa Lungwena n'kumaonerera mwini babashopu akufufuta ndi njereza mitu itatu ya anthu imene Basilyo anajambula pakhoma dzulo lake.

Mwiniwakeyo sanalakwe. Mituyo inali yopotoka, maso ali uku ndi uku, penti itayenderera mpaka pansi. Ana opita kusukulu ankaima n'kumaseka. Basil anaonerera mpaka mutu womaliza utakwiririka, kenako anatenga mabulashi ake n'kuwaponya m'ngalande.

Inu amene mwatopa ndi moyo, khalani pansi mumve za munthu ameneyu.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Basil ndiye anali wojambula zikwangwani wodziwika kuchokera pa Lungwena kukafika ku Mangochi boma. Mayina a pamaboti, nsomba za pamakoma a magolosale, mitu yometedwa bwino ya pamababashopu, zonsezo zinali za dzanja lake lamanja. Sukulu analekezera fomu thu, koma akagwira bulashi anthu ankasiya ntchito zawo kudzaonerera.

Tsiku lina anaitanidwa kukalemba chikwangwani ku Chiponde. Pobwerera anakwera njinga yamoto ya kabaza. Akutsika mapiri a ku Chowe, anakumana ndi lole imene inaduka mabuleki. Wa kabazayo anafera pomwepo. Basil anatsitsimuka ali m'chipatala, mkono wake wamanja utadulidwa cham'munsi mwa chigongono.

Anabwerera ku Lungwena, kumudzi kwa mkazi wake Ruti, kumene ankakhala ngati mkamwini. Miyezi yoyamba anthu a kutchalitchi ankabwera kudzamuzonda, kuimba nyimbo ndi kupemphera. Pang'onopang'ono anachepa. Ruti ankadzuka m'mamawa kukagula usipa kudoko, kuwuyanika, kukagulitsa, kenako kumunda. Basil ankangokhala pakhonde. Khasu silinkagwirika, ukonde sunkakokeka, ngakhale batani la malaya linkamugonjetsa. Chodabwitsa, zala zimene anazisiya kuchipatala zinkamuyabwabe, ndipo panalibe pokanda.

Ntchito ya pababashopu ija inali yoyamba kuyesera ndi dzanja lamanzere. Mbiri ya njereza inafika kunyumba iye asanafike.

Madzulo a tsiku lomwelo, a Rabson, atsibweni ake a Ruti, anamuitana pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, sitikukuthamangitsani," anatero a Rabson akuyang'ana pansi. "Koma mwana wathuyu akutha ngati sopo. Pitani kaye kwanu mukapume. Zikasintha tidzakambirana."

Basil anayang'ana Ruti. Ruti anali atakhala chapatali, ataphimba kukamwa ndi nsalu, misozi ikutsika.

"Ndamva, atsibweni," anayankha Basil.

Kwawo kunalibenso munthu, makolo ake onse anatsogola kalekale. M'mawa mwake anaika zovala m'jumbo n'kukwera matola wopita ku boma.

Kwa masabata atatu anazungulira mumsika wa Mangochi kufunafuna ganyu. Aliyense ankayamba wayang'ana mkono wa malaya umene anaupinda n'kuumanga ndi pini, kenako n'kunena kuti abwere mawa. Amene anamumvera chisoni anali mayi Mwanabibi, mwini kashopu kosindikiza mapepala ndi zithunzi pafupi ndi mlatho. Chikwangwani cha pakhomo pawo analemba ndi Basil yemweyo zaka zapitazo.

"Che Basil, ndinu amene? Mwatha chonchi?" anafunsa mayiwo. "Lowani. Muzilandira makasitomala ndi kusesa. Kumbuyoku kuli kachipinda, muzigona momwemo."

Pakona ya shopuyo panali kompyuta yofunditsidwa chitenje. Amene ankaigwiritsa ntchito, mphwawo wa mayi Mwanabibi dzina lake Swadick, anali atapita ku Joni. Anthu obwera kudzakulitsa zithunzi ankabwezedwa, kapena ankapatsidwa zosawoneka bwino, chifukwa kachithunzi kakang'ono ukakakulitsa kamaphwanyika n'kukhala timabokositimabokosi.

Tsiku lina mvula itatsekereza makasitomala, mayi Mwanabibi anachotsa chitenje chija.

"Swadick ankajambula nkhope za anthu m'menemu. Tayesani."

"Mayi, musandiseke. Dzanja ili ngakhale mzere wowongoka silitha."

"Wallahi sindikuseka. Ine ndinkamuona mnzanuyo, sankakoka mzere ayi. Ankangodinadina."

Anamuimbira Swadick pa foni. Ali ku Joni komweko, Swadick anafotokoza za pulogalamu yojambulira imene amati ya vekita. Umaika chithunzi cha munthu pansi ngati chitsanzo. Umadina kadontho apa ndi mausi, kena apo, ndipo kompyuta imalumikiza yokha ndi mzere. Ukafuna kuti mzerewo upindike ngati tsaya, umakoka kadonthoko pang'ono. Ukalakwitsa, umangokasuntha. Ndipo nkhope yomangidwa motero ukhoza kuikulitsa kudzaza khoma lonse, siphwanyika.

Basil anamvetsera mwachidwi. Bulashi imafuna dzanja losanjenjemera, ikangophonya basi penti yakhala. Koma apa munthu ankatha kulakwitsa kakhumi n'kukonza kakhumi.

Musaganize kuti zinayenda msanga. Sabata yoyamba yonse inathera pophunzira kuyendetsa mausi osaigwetsa. Phewa linkawawa, maso ankatuluka misozi. Nkhope yoyamba imene anamaliza inali ya mayi Mwanabibi, ndipo mayiwo ataiona anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Che Basil, ichi ndi chinyau, si ine!"

Anali atapaka nkhope yonse mtundu umodzi. Anayambiranso. Anayamba kuyang'anitsitsa anthu olowa mushopumo, mpaka ena ankakwiya. Anaona kuti khungu la munthu mmodzi lili ndi mitundu yambirimbiri: pachipumi pamawala, pansi pa diso pamada, m'mbali mwa mphuno muli kamthunzi kofiirira. Chilichonse mwa zimenezi chinkafuna kachidutswa kakekake, kuikidwa pamwamba pa kanzake, kusalazidwa m'mphepete kuti kasaoneke polekezera. Diso limodzi lokha linkadya tizidutswa makumi anayi.

Tsiku lina atagwira nkhope imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magetsi anathima asanasunge ntchito yake. Zonse zinapita. Anatuluka panja, nakakhala pamwala kuseri kwa shopu, osadya tsiku limenelo. M'mawa mwake anadinanso kadontho koyamba.

Patatha chaka, kunabwera ankhoswe awiri kuchokera ku Lungwena. Anakhala pabenchi ya makasitomala n'kumuuza kuti banja latha, Ruti akufunsiridwa ndi mwamuna wina wa boti lake. Basil anali akusunga nkhope ya Ruti mu kompyutamo, imene ankaikonza pang'onopang'ono kuti adzamuonetse tsiku lobwerera. Inali itatsala khutu limodzi ndi mpango wa kumutu. Ankhoswe atapita, anaitsegula, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitseka. Sanaimalize mpaka lero.

Masiku asanu sanayandikire kompyuta. Ankangosesa ndi kulandira mapepala. Mayi Mwanabibi sanamukakamize.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunalowa mayi wachikulire, wamtali, wovala mpango wakuda. Anati dzina lawo ndi Ines, amagulitsa nyemba ku Chiponde. Anamasula mfundo ya nsalu n'kutulutsa khadi yachikasu, yothetheka m'mphepete, ya nthawi imene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambiki. Pakona pake panali kachithunzi kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Madzi anali atadya tsaya limodzi.

"Awa ndi malemu amuna anga, a Nikolau," anatero mayi Ines. "Tinawoloka malire ndili ndi mimba. Iwo anabwerera kukatenga mayi awo, sanabwerenso. Manda awo sindikuwadziwa. Chithunzi china palibe. Ndapita m'mashopu atatu kuti achikulitse, konse akundipatsa utsi wokhawokha. Ndamva kuti pano pali munthu."

Basil anafuna kukana. Mayi Mwanabibi anali atalandira kale khadiyo ndi manja awiri.

Anagwira ntchitoyo masabata atatu. Pamene madzi anadya, anayerekeza poyang'ana tsaya linalo. Anasalaza khungu, anawongola kolala ya malaya, anaika kuwala m'maso. Atasindikiza papepala lalikulu, anthu odutsa ankaima pakhomo n'kumafunsa ngati chinali chithunzi cha kamera.

Mayi Ines anabwera, anachiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, wajambula mwamuna wokongola. Koma si wanga."

Mawuwo anamulasa Basil.

"Ndatsata khadi, mayi. China ndilibe."

"Khadiyo inajambulidwa tili ndi njala ndi mantha. Iwe wawadzoza mafuta. Iwowa diso lamanzere linali locheperapo, anagundidwa ndi ng'ombe ali mwana. Apa pachibwano panali chipsera. Ndipo milomo sankaitseka chonchi ngati mphunzitsi, ankasiya kampata, ngati akufuna kunena kanthu."

Basil anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake.

"Khalani apa, mayi. Muzindiuza."

Anakhala limodzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Mayi Ines ankaloza ndi chala pagalasi la kompyuta, Basil n'kumasuntha timadontho. Tsitsa pang'ono. Wapitirira, bweza. Chipsera chisatalike choncho. Masaya alowe mkati. Minibasi za ku Chiponde zinkaitanira panja, mayiwo osatekeseka.

Kenako Basil anakoka kadontho kamodzi ka mlomo wam'munsi, mlomowo unatseguka pang'ono. Chala cha mayi Ines chinaima m'malere.

"Siya pomwepo," ananong'ona. "Usakhudzenso."

Anayandikira galasi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pamenepo.

"A Nikolau," anaitana motsitsa mawu, ngati munthu wodzutsa mnzake wodwala. "Mwana uja anabadwa. Ndi wamkazi. Ali ndi ana ake anayi tsopano."

Mayi Mwanabibi anazimitsa makina a fotokope n'kutembenukira kukhoma. Basil anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pabondo.

Chithunzicho anachiika mufulemu yagalasi. Mayi Ines anachikulunga m'chitenje, n'kukana kuti kondakitala achiike kumbuyo ndi katundu. Anachifungatira pamiyendo ulendo wonse wokwera mapiri.

Pasanathe mwezi, kunabwera anthu anayi ochokera ku Chiponde, aliyense ndi kakhadi kake m'thumba la pulasitiki. Kenako a ku Namwera, a ku Malindi, ena mpaka kutsidya kwa malire. Lero Basil ali ndi tebulo lake ndi kompyuta yake mushopu yomweyo, ndipo Loweruka lililonse amaphunzitsa anthu atatu, awiri mwa iwo olumala. Lamulo lake ndi limodzi: sajambula malemu popanda wachibale kukhala pampando pambali pake.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Mkono sunamere. Mwezi wa Juni kukazizira, chitsa chake chimawawa mpaka amalephera kugwira ntchito. Nkhope zambiri zimene amajambula ndi za anthu amene anapita, ndipo masiku ena akamaliza amakhala osayankhula ndi munthu. Koma amadya thukuta lake, ndipo m'nyumba zambiri za m'boma la Mangochi muli ana amene akudziwa nkhope za agogo awo chifukwa cha dzanja limodzi lija.

Tsono inu amene mwataya chimene munkadalira, kaya ndi ntchito, kaya thanzi, kaya banja, lirani ndithu, pakuti n'zowawa. Mukatha kulira, yang'anani chimene chatsala m'manja mwanu, ngakhale chikhale chofooka chotani, muyambe nacho. Mudzalakwitsa, ena adzaseka, mudzayambiranso. Mtima wokhawo musautaye, abale anga. Ugwireni zolimba.