Ndinkati Humanities ndi Udokotala

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti amutenga pa yunivesite ina ku Manchester, ndinali nditangofika kumene kuchokera kuchipatala cha ku Bolton komwe ndinkagwira ntchito ya unamwino, miyendo itatupa. Ndinamufunsa kuti akaphunzira chiyani. Anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, nati Humanities. Ine khutu langa linangogwira mawu oti human. Kusukulu ya unamwino kwathu, phunziro lililonse loyamba ndi mawu amenewo linali la thupi la munthu: mafupa, mitsempha, magazi. Basi, ndinaimba nthungululu m'kakhitchini kathu kopanikizika kaja mpaka mzungu woyandikana nafe anagogoda khoma.

Musandiseke. Kuno ana amasankha okha maphunziro kusekondale, ndipo ine masiku amenewo ndinkangokhalira mashifiti. Ndikamuona ataweramira mabuku onenepa, ndinkangoti zikuyenda.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi chathu cha Amalawi n'kuchitira umboni kuti Mulungu watipatsa dokotala. Azimayi anavina. Ndinaimbiranso foni abale ku Dedza, ndipo achimwene anga anayamba kale kutchula matenda awo a msana. Mwanayo ankafuna kunena kanthu kangapo konse, koma ine ndikasangalala pakamwa sipatseka. Anthu akamutchula kuti adokotala, iye ankangoyang'ana pansi. Ndinkati ndi ulemu.

Patapita miyezi ingapo ali kusukuluko, ndinapeza tsiku lopuma. Ndinakazinga mandasi, n'kukwera sitima kukamuona. Ndinamuuza kuti andionetse komwe amaphunzirira. Anazengereza, kenako anandilowetsa m'chinyumba chakale cha njerwa zofiira. Chinthu choyamba kundidabwitsa chinali fungo. Munalibe fungo la mankhwala ngakhale pang'ono, koma la mapepala akale ndi khofi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anavala khoti loyera.

Tinayenda m'khonde lalitali, ine ndikuwerenga zolembedwa pazitseko. Apa Chilatini. Apo Chigiriki chakale. Kutsogolo Chirasha, Chiarabu, mbiri yakale, zipembedzo, zisudzo, nyimbo, ndi filosofi, imene mwanayo anandimasulira kuti ndi kuphunzira kuganiza. Kuganiza! Munthu mpaka kupita kuyunivesite kukaphunzira kuganiza? Chitseko china chinali cha mafilimu, ndipo mkatimo anyamata ndi atsikana akuluakulu anali phee kuonera kanema masanasana, ati ndi kalasi. Kwathu ndinkadziwa kuti ku Zomba kuli ophunzira Chingerezi ndi mbiri kuti akakhale aphunzitsi, koma zochuluka chonchi, zitseko ndi zitseko, sindinalotepo.

Ndinamufunsa kuti nanga labu ili kuti, komwe amang'amba mitembo. Anaima. Anandiuza motsitsa mawu kuti kulibe labu, kuti iye amaphunzira Chilatini, Chigiriki ndi mbiri ya anthu amene ankalankhula zinenerozo. Ndinafunsa kuti anthuwo ali dziko liti. Anati anatha kalekale.

Thumba la mandasi lija ndinatsala pang'ono kuligwetsa. Ndinakwiya, ndipo ndinachita manyazi, zonse pakamodzi. Ndinalankhula zambiri pakhondepo, m'Chichewa, mokweza, azungu akutilambalala ngati sakuona. Ndinamuuza kuti ine ndimasambitsa nkhalamba za eni, kuzizira kukundilowa m'mafupa, osati kuti iye adzaphunzire kulankhula ndi akufa. Ndinamufunsa kuti kutchalitchi ndikayang'ana bwanji anthu, ndipo ku Dedza ndikanena chiyani. Ndinamaliza n'kuti chaka chikubwerachi ayambirenso, apite ku zachipatala ngati ana a anzanga.

Ananditengera thumba lija n'kundiperekeza mpaka kusiteshoni. Titaima podikira sitima ya ku Bolton, ndinamva akulankhula Chichewa, chimene anali atasiya kuyankhula nane kuyambira ali kusekondale. Chinkatuluka pang'onopang'ono, chopindika lilime.

"Amayi, zimene ndikuphunzirazi ndimazikonda kwambiri. Koma mukanena kuti ndisiye, ndisiya."

Ndinamuyang'ana kumaso, ndipo ndinaona kuti sakunyengerera. Akanasiyadi. Akanalongedza mabuku ake mawa lomwelo, n'kudzakhala dokotala kapena namwino wabwino ndithu, moyo wake wonse, chifukwa choti ine ndanena. Apa m'pamene ndinachita mantha enieni, kuposa a pazitseko zija. Ndinkayembekeza mkangano, ndinali nditakonzeka kumugonjetsa, koma iye anangondipatsa moyo wake m'manja ngati mbale.

Sitima inafika, zitseko zinatseguka, anthu akundikankha kumbuyo. Mkwiyo unali usanathe, ndipo kunena zoona mpaka pano sindimvetsa kuti Chigiriki chakale munthu amadya nacho bwanji. Ndinamufunsa ngati ali ndi kalasi ina madzulo amenewo. Anati inde, ya Chilatini.

"Ndiye ukuimiranji pano? Thamanga, uchedwa."

Anathamangadi, mandasi ali m'manja. Ine ndinalowa m'sitima, n'kukhala pafupi ndi zenera, ndipo ndinalira mpaka ku Bolton.