Dothi Lobwereka la a Dalaivala

A Dalaivala anayendetsa basi pamsewu umodzimodzi mpaka imvi mbuu, ndipo atapuma pantchito anabweretsa khalidwe lomwelo kudimba la pakhomo. Tomato wawo ankabzalidwa pabedi limodzi basi, la kumaso kwa nyumba, pafupi ndi geti. Chifukwa chake ankachibisa, koma ndani sankachidziwa? Pamenepo ndi pomwe odutsa ankaima n'kunena kuti, "Koma a Dalaivala, dzanja muli nalo!" Mkuluyu ankakhuta mawu amenewa kuposa tomato weniweniyo.

Koma nthaka si phula. M'kupita kwa zaka tomato anayamba kuchepa, masamba kuchita chikasu, mitengo kufota dzuwa lisanakwere n'komwe.

"Bambo, bedi ili laguga," anatero akazi awo, amene ankalima nyemba kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa. "Tisinthane. Nyemba zibwere kuno zidzadzutse nthaka, tomato apite kuseri."

"Kuseri? Akamuone ndani kumeneko, abuluzi?"

Anakangana mpaka anapangana chimodzi: dothi la pabedilo lipite kwa alangizi a zaulimi akaliyeze. Likapezeka loguga, bedi ndi la mayi. Likapezeka labwino, nkhani yosinthasintha mbewu ithere pomwepo.

M'mawa mwake, mayi ali kumsika, a Dalaivala anatapa dothi lawo n'kulifikisa m'manja. Louma gwa, lotuwa ngati phulusa. Ndiye bambo wamkulu, wa zidzukulu zake, ananyang'ama kupita kuseri, n'kutapa dothi lakuda bii pakati pa nyemba za akazi awo, dzenjelo n'kufotsera ndi phazi, dothilo n'kupita nalo kwa alangizi. Manyazi analibe, aa!

Zotsatira zitatuluka, alangizi anafika okha pakhomopo, nkhope ili mwee.

"Dothi lanu ndi lamoyo, bambo. Pamene munatapapo, bzalanipo tomato osaopa."

A Dalaivala anatsokomola monyada, uku akuwayang'ana akazi awo cham'mbali. Mayi sanatsutse ngakhale pang'ono. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu, n'kulipereka ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Mwawamva alangizi, bambo. Pamene munatapapo. Musavutike n'kufunafuna, ndinazungulizapo timiyala. Chidindo cha nsapato yanu chikadalipo."

Alangizi anayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. A Dalaivala anacheukira bedi lawo lija. Kumaso kunali geti ndi matamando ake, komanso dothi lomwe iwo eni analigwira n'kudziwa kuti latha. Akaumirira, tomato afa anthu akuona. Anasenza khasu lija, n'kukhotera kuseri, koyamba m'moyo wawo kusiya msewu wawo.

Chaka chimenecho tomato anabereka mpaka mitengo kuthyoka, wofiira psuu, wina wodzaza chikhatho. Koma zinawawawa, ndithu zinawawawa mpaka mumtima, chifukwa odutsa pageti tsopano ankaima poyang'ana nyemba n'kunena kuti, "Koma mayi, dzanja muli nalo!"

Ndiye mukamadutsa pamenepo masiku ano, chenjerani. A Dalaivala amakhala pampando pafupi ndi geti kuyambira m'mawa, ndipo mukangoti "Mwadzuka bwanji, bambo?" amakugwirani pamkono osakutayani.

"Tadzuka. Bafa lathu munaliona? Tiyeni kuseri."