Bwanamkubwa ndi Kamphaka

Ntchito yanga yoyamba ya udalaivala ndinaipeza chifukwa cha mazira. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa njinga yamoto ya eni ake pa Nathenje, laisensi ya galimoto ili m'thumba ikungonyowa ndi thukuta. Mayi Nankhoma, amene ali ndi famu ya nkhuku kuseri kwa Mitundu, ankakonda kundituma kukatula matireyi a mazira m'magolosale. Tsiku lina anandifunsa ngati ndimadziwa galimoto. Ndinayankha asanamalize n'kufunsa komwe.

Mayeso ake anali achidule. Anaika tireyi yodzaza mazira pampando wa pikiapu yawo yakale, osaimanga, n'kunena kuti, "Tiyeni ku Mitundu. Likasweka limodzi, mubwerera ku njinga yanu." Msewu wafumbi wodutsa m'midzi uja ndi maenje okhaokha, ndiye ndinayenda ngati ndanyamula mkwatibwi. Mazira anafika onse, ndipo Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Mayiwo kuyendetsa ankadziwa. Laisensi anaitenga ine ndisanabadwe, pamene anali namwino m'tauni. Koma bondo lakumanzere linawakana, pomwe kalachi ya pikiapu ija inkafuna mwendo wa munthu wolima. Kunena mosapsatira, ine ndinalembedwa ntchito kuti ndikhale bondo lawo lakumanzere, ndipo sindinkadandaula nazo. M'mawa ndinkaona oyilo, madzi ndi mpweya m'matayala, kuyala masaka kumbuyo, kusanja matireyi mothinana kuti asagwedezeke, kenako ulendo. Kunyumba mkazi wanga Esinati anasiya kudzidzimuka akamva kuti njinga yamoto yagwa kwinakwake. Tinali titangobereka mwana wathu woyamba, Tadala.

Chaka chisanathe, injini ya pikiapu inanoka, ndipo makaniko anati kuikonza n'kutaya nthawi. Mwana wa mayi, a Yamikani, amaitanitsa magalimoto kunja n'kumagulitsa m'tauni. Anabwera ndi awiri kuti amayi awo ayese mwezi wathunthu, asankhe imodzi ikhale mphatso yawo.

Yoyamba inali chimphona chakuda chapetulo, mipando yachikopa, kafiriji pakati pa mipando, ikalira agalu n'kumathawira kuseri kwa khola. Antchito a pafamu anaitcha Bwanamkubwa. Yachiwiri inali yoyera, yaing'ono koma yokwererako ndithu, yoyendera magetsi. Imeneyi anaitcha Kamphaka chifukwa imakufika pamsana osaimva. Kamphaka tinkakachaja m'shedi ndi chingwe chochokera ku masola amene amapopa madzi ndi kuyatsa magetsi m'makola.

A Yamikani sanabise kuti mbali yawo inali ya Bwanamkubwa. "Amayi, munthu ngati inu mukafika paukwati anthu azidziwa kuti mwafika."

Mayi anangoloza ine. "Oyendetsa ndi a Mwalewa. Mwezi ukatha andiuza yoti nditenge."

Apa m'pamene tulo tinayamba kundithawa. Magalimoto onse awiri analibe kalachi. Koma Bwanamkubwa mayi sankatha kukwera popanda kuwaikira kampando, ndipo atakhala pachiwongolero tsiku lina anati sakuona ngakhale mbuzi imene inaima kutsogolo. "Ichi ine sindingachiyerekeze," anatero akutsika. Kamphaka ankangolowa ngati akukhala pabenchi ya kutchalitchi, ndipo ndinkawaona akuponya diso pachiwongolero. Nkhani inali yoonekeratu. Akatenga chachikulu, dalaivala afunika. Akatenga kakang'ono, ayendetsa okha, ine ndibwerere kukapikisana ndi anzanga pa siteji ya njinga. Nditamufotokozera Esinati, anandiyang'ana akuyamwitsa n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, poyankha muzikumbukira kuti kuno kuli mwana."

Ndisaname, Bwanamkubwa ndinkamukonda. Maenje sankawamva, katundu ankanyamula ulendo umodzi, ndipo ndikamadutsa pa Nathenje anzanga aja ankavula zipewa mwachipongwe koma maso ali ofiira ndi kaduka. Vuto lake linali mmero. Singano ya mafuta inkatsika ndikuiona ndi maso angawa. Kamphaka nako kanali ndi zake. Matireyi akachuluka kankafuna maulendo awiri, kukachita mitambo kankachedwa kudzaza batire, ndipo tsiku la msika pa Mitundu kanali kosautsa. Anthu kwathu kuno galimoto amaipatukira ndi khutu, osati ndi diso. Ndinkayenda pambuyo pa amayi osenza dengu mpaka kuchita kuwaimbira hutala, iwo n'kulumpha akunditukwana.

Tsiku lovuta linafika mu Okutobala, petulo atasowa m'dziko. Mayi anali ataitanitsa anapiye a tsiku limodzi, amene anayenera kudzakhala nkhuku zoikira za chaka chotsatira. Lole yobweretsa anapiye imatsitsa pa Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu. Makatoni anali ambiri, kuphatikiza matumba a chakudya chawo, choncho ndinatenga Bwanamkubwa. Singano inali pansi ndithu. Pa Mitundu mapampu anali ouma, koma kunamveka kuti thanki ya mafuta ifika pa Nathenje m'mawa womwewo.

Thanki sinabwere. Lole nayo inachedwa, inafika dzuwa lili paliwombo. Anyamata ogulitsa petulo wa m'zigubu anali atamaliza kale kwa a njinga zamoto. Ndinayang'ana manambala a padashibodi oonetsa mtunda umene mafuta otsala angayende, anandilonjeza kuti ndikafika. Ndinasanja makatoni mosiya mipata kuti mabowo ake apume, matumba ndinaika pansi, n'kuyatsa eyakoni pang'ono. Anapiye otsekeredwa m'katoni amatenthetsana okha, ndipo m'galimoto yotseka sachedwa kufa.

Manambala aja sankadziwa za mchenga wa msewu wathu. Ndili pakati, kutali ndi Nathenje kutalinso ndi famu, Bwanamkubwa anatsokomola kawiri n'kukhala chete. Kumanzere minda yotentha, kumanja minda yotentha, mtengo umodzi wokha wopanda ndi tsamba lomwe. Ndinatsegula zitseko zonse, koma chitsulo chakuda padzuwa la Okutobala ndi uvuni.

Amene anawetapo nkhuku adziwa. Anapiye akamasokosa, zinthu zili bwino. Akayamba kuchepetsa phokoso, zavuta. Nditatsegula katoni ya pamwamba ndinapeza atayasamula milomo, timapiko tatambasuka, akupuma mwabefu. Ndinaimbira anzanga a njinga, onse anali pamzere wa mafuta. Ngolo ikanafika anapiye atatha. Mayi wina wa nyumba yapafupi anabwera ndi ndowa ya madzi, tinanyowetsa zitenje zake n'kuzikoleka pazitseko, ine n'kumakupiza ndi chivundikiro cha katoni. Zinathandiza pang'ono, koma phokoso linkapitirirabe kuchepa.

Panatsala njira imodzi, ndipo ndinkaidziwa kuyambira pamene injini inazima. Kamphaka kanali m'shedi, batire lodzaza. Pafamu ponse wodziwa kuyendetsa anali mmodzi yekha. Foni ndinaigwira kanthawi, mawu a Esinati akundizungulira m'mutu. Kenako ndinayang'ananso m'katoni muja, kamwanapiye kena katagona chammbali, ndipo ndinaimba.

"Mayi, mafuta andithera panjira ndipo anapiye akufa. Mubwere ndi Kamphaka."

"Ine? A Mwale, zaka zonsezi osagwira chiwongolero?"

"Mukwanitsa. Ndikuuzani chilichonse."

Ndinawauza kuti ayambe atsegula maloko ndi kiyi, kenako azule chingwe chochajira, chifukwa chikadali cholumikiza galimoto siisuntha. Atakhala pampando ndinati amange lamba, mwendo wakumanzere auiwale, wakumanja aponde buleki, adine batani lozungulira lija.

"Ndadina. Sinalire."

"Siilira, mayi. Mukuona chiyani kutsogolo kwa chiwongolero?"

"Kanyali kobiriwira."

"Kulira kwake n'komweko. Tsopano tembenuzani kagudumu kali pakatipo kafike pa D, muchotse mwendo pabuleki pang'onopang'ono. Moto musaponde kwambiri, kamanyamuka mwamphamvu."

Ndinamva geti likutseguka, wantchito wina akukuwa kuti ingirani kumanja, kenako ndinamva mayi akuseka. Kunali kuseka kwa kamtsikana kamene kakwera njinga koyamba. Kuseka kumeneko kunandilasa mumtima, chifukwa ndinadziwa kuti ntchito yanga ikutuluka pageti limodzi ndi iwo. Ndinangowauza kuti aike foni pansi ndipo aziimba hutala akaona njinga iliyonse.

Sindinawamve akufika, ndinangoona fumbi. Tinapinda mipando ya kumbuyo, kulowetsa makatoni, kuyatsa eyakoni koma mphepo yake kuilozetsa kudenga kuti isawombe anapiye mwachindunji. Matumba a chakudya ndi Bwanamkubwa tinasiyira banja la mayi wa zitenje uja kuti ationere. Nditalunjika kuchitseko cha dalaivala, mayi anandikaniza ndi dzanja.

"Khalani ndi ana anuwo, muziwaona. Ndiyendetsa ndine."

Ndinakhala chotembenuka, dzanja lili pamakatoni, ndikuonerera abwana anga akuzemba maenje bwinobwino ngati sanasiyepo. Ndinkafuna alakwitse penapake, ngakhale kamodzi kokha, koma ayi. Tisanafike ndi pafamu pomwe, kumbuyo kunayambanso phokoso, pang'onopang'ono mpaka kugonthetsa m'khutu. Ndinasangalala, ndipo nthawi yomweyo ndinkafuna kulira.

Pafamu tinakhala pansi m'khola tonse awiri, kutenga mwanapiye mmodzimmodzi, kumuviika mlomo m'madzi a shuga, kumuika pautuchi. Ena a m'makatoni apansi anali atafa, koma ochepa. Dzuwa litapendeka, mayi anayankhula osadzutsa mutu.

"Mwezi sunathe, koma ndiuzeni lero. Nditenge iti?"

Ndikanatha kunena kuti vuto ndi kusowa kwa mafuta, osati galimoto. Ndikanatha kutchula matope a Januwale. Zonsezo zinali ndi kachoonadi kake. Koma m'manja ndinali ndi kamwanapiye kakumeza madzi, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Kamphaka, mayi. Ntchito ya pano ndi maulendo aafupi a tsiku ndi tsiku, ndipo dzuwa la masola sitiimira pamzere. Katundu wolemera tingamachite hayala ya lole kamodzikamodzi." Ndinaika kamwanapiye kaja pautuchi. "Ndaonanso kuti mukutha kuyendetsa nokha. Ndingopempha kuti mundipatseko nthawi ndifunefune kwina, chifukwa cha mwana."

Mayi anaika mwanapiye pansi n'kundiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo chachilendo.

"A Mwale, dzuwa lija lakuwombani m'mutu? Famu ino singadyetse inu ndi chimphona chija nonse awiri. Ndikanachitenga, pofika Khirisimasi mmodzi akanachoka. Ndipo sichikanachoka chija, poti ndi mphatso ya mwana wanga."

Ndinasendeza katoni n'kuwafunsa.

"Nanga bwanji simunangosankha nokha, mayi?"

"Mwana akakubweretsera ulemu sumukanira pamaso. Ndimafuna anene ndi dalaivala, kuti Yamikani asamati amayi anyoza mphatso. Koma mukanati chachikulu, ndikanachitenga ndithu, chifukwa ndinalonjeza pamaso pake." Anatola mwanapiye wina. "Ine ndiziyendetsa Lamulungu ndi tsiku la kuchipatala. Mazira ndi anu. Mawa mulawirire."

M'mawa mwake petulo anapezeka pang'ono pa Mitundu. Ndinanyamula chigubu m'Kamphaka kukamwetsa Bwanamkubwa pamene tinamusiya, ana a m'mudzi wapafupi atamuzungulira akudziyang'anira m'zitseko zake. A Yamikani anadzamutenga Loweruka, akung'ung'udza pang'ono, ndipo ndinamva kuti anamugulitsa kwa munthu wina wa m'tauni amene ali ndi thumba lokwana mmero wake.

Ndikadali pafamu pomwepo. Popeza ulendo sutidyeranso mafuta, mazira tsopano timakatula mpaka ku Malingunde, ku Likuni ndi pa Diamphwe, ndipo masiku ena ndimabwera nditatopa kuposa kale. Nthawi ya mvula pali tinjira tina timene ndimazungulira, ndipo pamsika amayi a madengu amanditukwanabe.

Anyamata amene akuphunzira udalaivala akandifunsa chimene ndinatolapo, ndimawauza kuti abwana akakufunsa za galimoto, uyankhe za galimoto, osati za mimba yako. Munthu wamantha saona bwino chimene chikumusunga ndi chimene chikumudya. Ine mwezi wonse uja ndinkadzuka m'mamawa kupukuta Bwanamkubwa mpaka kunyezimira, ndikumupempherera kuti akhale, osadziwa kuti ndikusisita chilombo chimene chimadikira kumeza phala la mwana wanga.